Tsiku Loitana Maina: Mbiri ya Mabuku a Achinyamata a Mizukwa ndi Maiko Osokonekera

Mabuku asanabwere, nkhani zoopsa zinali za madzulo, ndipo ambiri mwa omvera anali ana. Mtundu uliwonse unali ndi zake. Agiriki akale ankasimba za mzinda wa Athens, umene utagonja kwa mfumu ya ku Crete unkakakamizidwa kutumiza anyamata 7 ndi atsikana 7 kuti akadyedwe ndi chilombo cha thupi la munthu koma mutu wa ng'ombe, kufikira mnyamata wina dzina lake Theseus anadzipereka yekha napita kukachipha. Kwathu kuno agogo ankasimba za Kalikalanje, mwana amene mayi wake anamulonjeza kwa fisi asanabadwe n'komwe, moti ubwana wake wonse unatha akuzemba misampha imene mayi wake yemweyo ankathandiza kutchera. Nthano ziwirizi sizinakumanepo, koma mtima wake ndi umodzi: ngongole atenga ndi akulu, wolipira ndi mwana. Mabuku amene achinyamata a zaka za m'ma 2000 ankachezera nawo usiku, aja a opopa magazi ndi aja a maboma ankhanza a m'tsogolo, anamera pa mtima womwewu, ngakhale kuti anayenda njira yaitali asanafike m'manja mwa mwana wa sukulu.

Poyamba inali mitundu iwiri yosiyana, ndipo yonse ankalembera anthu akuluakulu. Wa mizukwa ndiwo unayamba kukhwima. Mu 1764 Horace Walpole wa ku England anatulutsa The Castle of Otranto, nkhani ya nyumba yachifumu yakale yodzaza ndi matemberero, ndipo anthu atailawa anafuna zina. Koma chaka chimene owerenga amachikumbukira ndi 1816. Phiri la Tambora ku Indonesia linali litaphulika chaka chapitacho, phulusa lake n'kusokoneza nyengo mpaka ku Ulaya, moti kagulu ka Angelezi kamene kanapita kukasangalala m'mbali mwa nyanja ya Geneva kanangobindikira m'nyumba chifukwa cha mvula. Lord Byron anati aliyense alembe nkhani yoopsa. M'kagulumo munali mtsikana wa zaka 18, amene dziko linadzamudziwa kuti Mary Shelley, ndipo zimene anayamba kulemba pamenepo zinatuluka mu 1818 ndi dzina loti Frankenstein. Dokotala wa Byron, John Polidori, anatulutsa The Vampyre mu 1819. Iyeyu ndi amene anachotsa wopopa magazi kumanda a kumudzi n'kumuveka zovala zaulemu, kumusandutsa bwana wolankhula mokoma amene atsikana amamukhulupirira. Dracula wa Bram Stoker anabwera mu 1897 kudzakhomerera chithunzicho. Ndimaona kuti si chinthu chaching'ono kuti buku loyambirira lalikulu la mtundu uwu analemba ndi mtsikana, ndipo nkhani yake ndi ya cholengedwa chimene wochipanga anachithawa tsiku lomwe chinatsegula maso.

Mtundu wachiwiri unayamba ndi maloto abwino. Mu 1516 Thomas More analemba Utopia, za chilumba chimene zonse zinalongosoka. Panapita zaka mazana olemba akulota maiko otere, mpaka nkhondo, mafakitale ndi maboma a chipani chimodzi zinawaphunzitsa kuti dongosolo likapyola muyeso limasanduka ndende. Yevgeny Zamyatin wa ku Russia analemba We cha m'ma 1920 ndi 1921, momwe anthu alibe maina koma manambala ndipo amakhala m'nyumba zamagalasi kuti aliyense azioneka. Kwawo bukuli silinaloledwe kufikira 1988. Aldous Huxley anatsatira ndi Brave New World mu 1932, George Orwell ndi Nineteen Eighty-Four mu 1949, Ray Bradbury ndi Fahrenheit 451 mu 1953. Awa ndi mabuku amene Azungu amawatcha dystopia. Ambiri mwa awa mwini nkhani ndi bambo wamkulu wotopa. Winston Smith wa Orwell ali ndi zaka 39 ndi chilonda pamwendo. Achinyamata ankawawerenga ndithu, makamaka aphunzitsi akawalamula, koma ankawerenga ngati munthu wosuzumira pazenera la nyumba ya eni.

Ana analowa pakati pa bwalo m'zaka za m'ma 1950, mantha a bomba la nyukiliya atagwira dziko. Lord of the Flies ya William Golding, ya 1954, inasiya anyamata a sukulu okha pachilumba n'kuwaonerera akusanduka zilombo. The Chrysalids ya John Wyndham, ya 1955, inachita zosiyana, ndipo kwa ine ndi imene inatsegula njira yeniyeni. M'menemo dziko linapsa kalekale, ndipo otsala amakhulupirira kuti chilichonse chobadwa chosiyana ndi chinzake n'chonyansa pamaso pa Mulungu. Mnyamata David apeza kuti mnzake Sophie ali ndi zala 6 kuphazi, ndipo akudziwa kuti bambo ake omubereka ndi amene angakhale oyamba kumusaka mtsikanayo. Apa choopsa si ana. Choopsa ndi makolo amene akukhulupirira kuti akuchita bwino.

Nthawi yomweyi ku America kunkabadwa chinthu chatsopano: wachinyamata wokhala ndi ndalama m'thumba. Nkhondo yachiwiri itatha, ana ambiri anayamba kukhalitsa pasukulu m'malo mopita kukagwira ntchito, ndipo ogulitsa nyimbo, zovala ndi mabuku anawaona. Mu 1957 bungwe la malaibulale la American Library Association linakhazikitsa nthambi yoona za owerenga a msinkhu umenewu. Mu 1967 S. E. Hinton wa ku Tulsa, ali ndi zaka 18, anatulutsa The Outsiders, nkhani ya magulu a anyamata omenyana, yolembedwa m'mawu a mnyamata mwini wake. Chaka chomwecho John Christopher wa ku England anatulutsa The White Mountains, ndipo m'buku ili muli chinthu chimene olemba akhala akuchibwereza mpaka lero. Dziko lagwidwa ndi makina aatali a miyendo itatu. Mwana aliyense akakwanitsa zaka 14 amamutenga n'kumumata chisoti chachitsulo pamutu, ndipo kuyambira tsiku limenelo safunsanso mafunso. Mudzi wonse umachita phwando. Will, wa zaka 13, aona msuweni wake Jack, amene dzulo lake ankakayikira zinthu, akubwerako ali wofatsa, wokhutira, wachilendo. Ndiye athawa. Tsiku loikika, msinkhu woikika, akulu akuomba m'manja: mafupa a mtundu wonsewu ndi amenewa.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mantha a bomba analowa m'mabuku a achinyamata mosabisa. Z for Zachariah ya Robert C. O'Brien inatuluka mu 1974, mwini wake atamwalira kale. Ann Burden, mtsikana wa zaka 15, watsala yekha m'chigwa chimene poizoni wa nkhondo sanafikemo. Akama ng'ombe, alima, alemba m'kope tsiku ndi tsiku. Kenako aona utsi patali, ndipo utsiwo ukuyandikira. Wowerenga amayamba wasangalala naye kuti kukubwera munthu, koma masamba akamapita amazindikira kuti mwamuna wafikayo akufuna chigwa, thalakitala, mbewu ndi mtsikanayo, zonse zikhale zake. Ndi buku lachete, lopanda chilombo ngakhale chimodzi, koma limauma nalo pakhosi. Ku Germany, Gudrun Pausewang analemba Die Wolke mu 1987, patangotha chaka ngozi ya ku Chernobyl itachitika, ndipo ana a sukulu ambiri kumeneko analiwerenga m'kalasi.

Zaka zimenezo wachinyamata wa ku Malawi kapena ku Zambia ankasinthana ndi anzake mabuku a Pacesetters, aja a Macmillan amene anayamba kutuluka mu 1977, a chikondi ndi akazitape a m'mizinda ya mu Africa. Za boma loona paliponse sankafunika kuziwerenga. Ku Malawi lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, khadi la chipani linkafunsidwa pakhomo la msika, ndipo mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Zimene mnzake wa ku London ankazitcha nkhani yopeka ya m'tsogolo, iye ankazidutsa popita kukagula tomato.

Mizukwa nayo inali isanagone. Carrie ya Stephen King ya 1974 sanailembere ana, koma ana a sekondale anailanda, poti ndi nkhani ya mtsikana wonyozedwa pasukulu amene tsiku lina mkwiyo wake unagwetsa denga. Lois Duncan analemba za mfiti yolowa m'banja ngati msuweni mu Summer of Fear mu 1976. Kenako kunabwera mabuku ang'onoang'ono otchipa, a zikuto zofiira magazi: a Christopher Pike, Fear Street ya R. L. Stine kuyambira 1989, ndi Goosebumps ya ana ocheperako kuyambira 1992. Ambiri mwa awa anali ofanana ngati anatuluka m'chikombole chimodzi, ndipo palibe amene ankawasunga. Koma anaphunzitsa m'badwo wonse chizolowezi chomaliza buku usiku umodzi n'kudzuka ukufuna lina. Pakati pawo, mu 1991, L. J. Smith anatulutsa The Vampire Diaries, momwe mtsikana Elena wagwidwa njakata pakati pa anyamata awiri apachibale, onse opopa magazi. Panthawiyo linangokhala limodzi mwa ambiri.

Buku limene linakweza mtundu wa maiko osokonekera kuti aphunzitsi ndi makolo aupatse ulemu ndi The Giver ya Lois Lowry, ya 1993, imene inalandira mendulo ya Newbery chaka chotsatira. Lowry ananenapo kuti ganizo linamubwerera poona bambo ake okalamba ataiwala ngakhale imfa ya mwana wawo, n'kudzifunsa ngati kuiwala zowawa kuli mwayi. M'mudzi wa Jonas mulibe njala, nkhondo kapena ulova. Aliyense amapepesa akalakwa, banja lililonse limakambirana zakukhosi pa chakudya chamadzulo, ndipo mwana akafika zaka 12 akulu amamusankhira ntchito ya moyo wake wonse pamsonkhano wa mudzi. Theka loyamba la bukuli wowerenga amasirira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Jonas apatsidwa ntchito yosunga zikumbukiro za anthu onse, ndipo pang'onopang'ono azindikira kuti anthu akwawo saona mitundu ya zinthu, sadziwa nyimbo, sadziwa chikondi. Tsiku lina aonetsedwa kanema wa bambo ake, munthu wofatsa wolera makanda, akubaya jakisoni pamutu pa khanda lamapasa lochepa thupi, uku akulilankhula mwachikondi, kenako n'kuika mtembowo m'katoni. Makolo ena ku America akhala akupempha kuti bukuli lichotsedwe m'masukulu chifukwa cha tsamba limeneli. Ana amene analiwerenga ali ndi zaka 12 salikumbukira chifukwa cha china.

Chaka chotsatira, 1994, kunatuluka buku limene limatikhudza ife a chigawo chino. Nancy Farmer, Mmereka amene anakhala zaka zambiri akugwira ntchito ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, analemba The Ear, the Eye and the Arm, nkhani yochitikira ku Harare m'chaka cha 2194. Ana atatu a mkulu wa asilikali azemba panyumba, agwidwa, n'kudutsa m'dzala lalikulu la mapulasitiki momwe anthu amakumba ngati mgodi. M'menemo maloboti ndi mizimu ya makolo zikuyendera limodzi popanda wodabwa. Panthawiyo linali ngati lokhalokha. Panapita zaka zambiri kuti ofalitsa mabuku akhulupirire kuti tsogolo likhoza kuchitikira mu Africa.

Chimene chinasintha malonda onse ndi Harry Potter. Buku loyamba linatuluka mu 1997, ndipo ofalitsa anayamba ndi makope 500 okha a chikuto cholimba. Pofika 2000 mabuku a J. K. Rowling anali atadzaza mndandanda wa mabuku oyenda malonda wa nyuzipepala ya New York Times mpaka eni ake anatsegula mndandanda wapadera wa ana. Lomaliza, la 2007, linagulidwa makope 8.3 miliyoni ku America kokha tsiku loyamba. Ofalitsa anaphunzirapo kuti mwana akhoza kuwerenga masamba oposa 600 osadandaula, kuti akakonda anthu a m'nkhani adzadikira chaka chathunthu buku lotsatira, ndiponso kuti mayi ake adzaliwerenga iye akagona. Ana amene anayamba ndi Harry ali ndi zaka 10 anamaliza naye ali ndi zaka 20, ndipo m'kati mwa ulendowo ankafuna zina zoti agwirizire.

Zina mwa zimene anapeza zinali zakuthwa. Malorie Blackman wa ku Britain, mu Noughts & Crosses ya 2001, anatembenuza dziko: akuda ndiwo olamulira, oyera ndiwo antchito amene angololedwa kumene kulowa sukulu zabwino. Pali kachinthu kakang'ono m'bukuli kamene owerenga ambiri amakatchula. Mtsikana woyera wavulala pachipumi, ndipo pulasitala amene wamatidwa ndi wakuda, woonekera patali, chifukwa mafakitale amapanga pulasitala wa khungu la olamulira okha. Wowerenga woyera anadzidzimuka. Wowerenga wakuda anangogwedeza mutu, poti pulasitala wa m'sitolo ankamudziwa kale mtundu wake. M. T. Anderson, mu Feed ya 2002, anaika intaneti m'bongo mwa achinyamata ndi otsatsa malonda akuwanong'oneza tsiku lonse, Facebook isanabadwe n'komwe. Scott Westerfeld, mu Uglies ya 2005, anabwezeretsa tsiku loikika lija: ukafika zaka 16 madokotala amakupanga opaleshoni kuti ukhale wokongola, ndipo pamodzi ndi mphuno amakonzanso maganizo.

Chaka chomwecho cha 2005 kunabwera Twilight. Stephenie Meyer, mayi wa ana atatu wa ku Arizona, anati analota mtsikana ndi mnyamata wonyezimira akucheza padambo, ndipo atadzuka anayamba kulemba. Bella Swan asamukira ku Forks, tauni yamvula m'chigawo cha Washington, n'kukondana ndi Edward Cullen, amene amaoneka wa zaka 17 koma anasiya kukalamba mu 1918. Mabuku anayi anagulidwa makope oposa 100 miliyoni, mafilimu anayamba mu 2008, ndipo atsikana anagawikana, ena a Edward, ena a Jacob, mnyamata wosanduka mmbulu. Onyoza anachuluka, ndipo zina zimene ankanena n'zoona. Mwamuna wolowa kuchipinda kwa mtsikana usiku kudzamuyang'ana ali m'tulo, womuletsa kucheza ndi anzake ponena kuti akumuteteza, si chibwenzi chimene mlongo wako ungamufunire. Koma kunyozako kunalinso ndi kafungo kena. Zimene anyamata amakonda anthu amangoti ndi zachibwana, pamene zimene atsikana amakonda amati zikuwononga dziko. Meyer anadziwa chinthu chimodzi bwino lomwe: mmene chikondi choyamba chimaonekera kwa mwini wake, chachikulu kuposa sukulu, makolo ndi imfa. Pambuyo pake masitolo anadzaza ndi angelo ogwa, mimbulu ndi osaka ziwanda, monga City of Bones ya Cassandra Clare ndi Vampire Academy ya Richelle Mead, onse a 2007.

Wowerenga wa ku Mulanje kapena ku Phalombe amalandira nkhani zotere ndi mtima wina. Kwa mtsikana wa ku America wopopa magazi ndi mnyamata wokongola wa galimoto yodula. Kuno mphekesera za anamapopa zinabuka mu 2002, n'kubukanso mu 2017 kuyambira ku Mulanje mpaka kufika ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, misewu inatsekedwa ndi miyala, anthu osalakwa anaphedwa powaganizira, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Amene anakhalapo m'masiku amenewo akhoza kusangalala ndi Edward, koma amadziwa kuti m'buku la Meyer mwachotsedwa chinthu chimene chimaopsa kwenikweni, ndicho khamu la anthu amantha litanyamula zibonga.

The Hunger Games inatuluka mu 2008. Suzanne Collins, mwana wa msilikali amene anamenya nawo nkhondo ya ku Vietnam, anati usiku wina akusinthasintha matchanelo pa TV anaona mbali ina achinyamata akupikisana pa masewero opatsa mphoto, mbali ina achinyamata akumenya nkhondo ku Iraq, ndipo zithunzizo zinayamba kusakanikirana m'maso mwake. Anatchulanso nthano ya Theseus. Dziko la Panem lili ndi likulu lolemera ndi zigawo 12 zogonjetsedwa. Chaka chilichonse chigawo chilichonse chimapereka mnyamata ndi mtsikana a zaka zapakati pa 12 ndi 18, ndipo ana 24 amenewa amaphana pa TV mpaka atatsala mmodzi. Ena anati Collins anatengera Battle Royale ya Koushun Takami wa ku Japan, ya 1999, iye n'kukana kuti anali asanaimve. Kwa ine mkangano umenewo ndi wopanda phindu, chifukwa mphamvu ya bukuli sili m'kuphanako. Ili m'masamu a umphawi. Mwana wa banja losauka akhoza kulandira tirigu ndi mafuta a chaka chonse ngati avomera kuti dzina lake lilowe m'mbale ya maere kangapo. Choncho Katniss Everdeen, wa zaka 16, wa chigawo cha migodi ya malasha, dzina lake lili m'mbalemo ka 20, mnzake Gale ka 42, pamene mwana wa wamalonda lake lilimo kochepa. Boma silinena kuti likusankha osauka. Limangoti maere ndi maere.

Aliyense amene anaimapo pakhoma la sukulu kufunafuna dzina lake pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku sekondale amaudziwa mtima wa tsiku limenelo: khamu lili chete, pepala limodzi, ndipo moyo wako wonse walembedwa ndi anthu amene sanakuonepo nkhope. Kusiyana kwake n'koti ku Panem umapemphera kuti dzina lako lisatuluke. Limene linatuluka ndi la Prim, mng'ono wake wa Katniss, amene linalimo kamodzi kokha, ndipo Katniss anadzipereka m'malo mwake. M'bwalo la imfamo akumana ndi Rue, kamtsikana ka zaka 12 ka chigawo cha minda, ndipo kataphedwa akaphimba ndi maluwa makamera akuona, kuti olamulira adziwe kuti amene wafayo anali mwana wa munthu. Filimu itatuluka mu 2012, oonera ena ku America analemba pa intaneti kuti akhumudwa poona Rue ali wakuda, chonsecho buku linanena poyera za khungu lake. Anali atawerenga, n'kulira, osamuona.

Chimene ndimalemekeza Collins n'choti sanawanamize owerenga ake pomaliza. Mu Mockingjay, ya 2010, oukira boma nawonso amamuveka Katniss zovala n'kumujambula kuti akope anthu, Prim amafa ndi bomba la mbali imene ikuti ikumenyera ufulu, ndipo mtsogoleri watsopano asanakhale n'komwe pampando akuganiza kale zoyambitsa masewero ena a ana a ogonja. Owerenga ambiri anakwiya, ankafuna chikondwerero. Koma amene anaonapo chipani chikulowa m'boma ndi malonjezo n'kuyamba kuchita zomwe chinkadzudzula sanaone chachilendo. Chizindikiro cha zala zitatu cha m'nkhaniyi chinatuluka m'buku n'kulowa mumsewu: achinyamata a ku Thailand anachikweza asilikali atalanda boma mu 2014, ena n'kumangidwa nacho, ndipo a ku Myanmar anachikwezanso mu 2021.

Kenako kunasefukira. The Maze Runner ya James Dashner mu 2009, Matched ya Ally Condie mu 2010, Delirium ya Lauren Oliver, Legend ya Marie Lu ndi Divergent ya Veronica Roth mu 2011. Kafukufuku wa kampani ya Bowker mu 2012 anapeza kuti 55 peresenti ya ogula mabuku a achinyamata anali anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Wowerenga ankatha kulosera buku asanalitsegule: mtsikana wodziona ngati wamba, mayeso pa zaka 16, anyamata awiri, boma loletsa chinthu chimodzi, mabuku atatu. Ambiri mwa maiko amenewa sankamveka kuti anthu ake amadya chiyani kapena amalima kuti. Roth atapha mwini nkhani wake m'buku lachitatu mu 2013 owerenga anamukalipira koopsa, ndipo filimu ya 2016 itakanika malonda, yomaliza sinajambulidwenso. Achinyamata anali atasamukira kale ku nkhani za dziko lomwe lino, monga The Fault in Our Stars ya John Green ndi The Hate U Give ya Angie Thomas ya 2017, momwe wapolisi wowombera mnyamata wakuda safunika chaka cha m'tsogolo.

Amene anaupatsanso moyo mtunduwu ndi olemba amene makolo awo anadutsamo kale m'kutha kwa dziko. Mu 2014 kunayamba gulu la We Need Diverse Books lodandaula kuti ana a m'mabuku ndi oyera okhaokha. Cherie Dimaline wa ku Canada, mu The Marrow Thieves ya 2017, analemba za nthawi imene anthu onse asiya kulota kupatula eni nthaka, ndipo boma likuwasaka n'kuwatsekera m'masukulu kuti liwachotse mafuta a m'mafupa. Masukulu olanda ana a eni nthaka analikodi ku Canada, ndiye wowerenga sadziwa pamene mbiri yathera ndi pamene nthano yayambira. Tomi Adeyemi anamanga Children of Blood and Bone ya 2018 pa chipembedzo cha Ayoruba. Koma amene anayamba kale ndi Nnedi Okorafor. Akata Witch yake ya 2011 ndi ya Sunny, mtsikana wa zaka 12 wachialubino, wobadwira ku America koma wokhala ku Nigeria, wokonda mpira amene dzuwa limamuletsa kusewera. M'dziko lamatsenga limene alowamo, chimene anthu amakunyoza nacho ndicho gwero la mphamvu zako, ndipo ndalama zimagwa kuchokera kumwamba munthu akaphunzira chinthu chatsopano, zamkuwa n'kukhala zamtengo kuposa zagolide. M'dziko ngati lathu, momwe anthu achialubino akhala akuphedwa chifukwa cha zikhulupiriro zabodza za chuma, buku loika mwana wotere pakati pa nkhani ngati mwini wake, woseka, wokwiya, wogoletsa zigoli, limawerengeka mwa mtundu wina. Alembi akwathu nawo ayesako kuyang'ana kutsogolo: Shadreck Chikoti anatulutsa Azotus the Kingdom mu 2015, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo.

Lero wowerenga wa ku Lilongwe kapena ku Chipata mabukuwa amawapeza pa mulu wa mabuku akale m'mbali mwa msewu, lachiwiri lilipo loyamba palibe, kapena pafoni, mnzake atamutumizira pa WhatsApp. Ena amawerenga ndi kulemba nkhani zawo pa Wattpad, imene inayamba ku Canada mu 2006, ndipo kuyambira cha m'ma 2020 TikTok yakhala ikudzutsa mabuku amene anthu ankati anafa. M'chaka cha mliri wa Covid-19 chomwecho, anthu ali m'nyumba, Meyer anatulutsa Midnight Sun ndipo Collins anabwerera ku Panem ndi The Ballad of Songbirds and Snakes, yofotokoza unyamata wa wolamulira wankhanza wa dzikolo. Mu March 2025 anatulutsa Sunrise on the Reaping, ya masewero a nambala 50, pamene ana anali 48 m'malo mwa 24. Owerenga akale ankaganiza kuti nkhani ya Haymitch, wopambana chaka chimenecho, akuidziwa, poti Katniss anaonera kanema wake m'buku lachiwiri. Buku latsopanoli likuonetsa kuti kanemayo anali wodulidwadulidwa ndi akatswiri a boma, kuti zimene mnyamatayo anachita pofuna kuwononga bwalolo zinafufutidwa, n'kutsala chithunzi cha munthu wodzikonda amene anangochenjera. Mantha a 1974 anali bomba, a 2008 anali njala ndi TV. A 2025 ndi a munthu amene wagwira lumo lodulira kanema.